Ndinatchula za wilo kwa otithandiza, mbatata n'kuchotsedwa patebulo

MlembiWaBungwe
Anzanga amene mumasaka ndalama za mabungwe, ndithandizeni nzeru chifukwa dzulo ndinachita manyazi osati masewera. Ndili ku kabungwe kakang'ono kolipirira fizi ana a ku sekondale. Ndalama zathu zambiri zinkachokera ku America kudzera ku bungwe lina lalikulu, ndiye mukudziwa zomwe zachitika chiyambireni Januwale 2025. Mpopi unatsekedwa. Apampando athu anapita ku maphunziro ku Lilongwe n'kubwerako ndi nkhani ya planned giving, yoti anthu amene amatikonda azikonzeratu mphatso yaikulu: kulemba bungwe mu wilo, kulisiyira nyumba, masheya kapena ndalama za inshuwalansi. Ntchitoyo anandipatsa ine.

Ndinayambira kwa aphunzitsi ena opuma ntchito amene chaka ndi chaka amatipatsa matumba awiri a chimanga. Anandilandira bwino, tiyi wamkaka, mbatata yophika. Nditangoti "bambo, kodi munaganizapo zotikumbukira mu wilo yanu?" anaika kapu pansi pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Akuti, "Mwanawe, wandiona chiyani? Kapena adokotala akuuza zimene ine sanandiuze?" Amayi a pakhomopo anabwera n'kunyamula mbale ya mbatata ndisanamalize yomwe ndinagwira. Kodi zimenezi zingatheke kwathu kuno, kapena ndi za azungu basi?

Kamtedza
Hahaha pepani mayi, koma mwapulumuka. Kwathu akanakuitanirani amfumu.

MwanaWaMasiye
Ine sindikuseka. Bambo anga atamwalira, abale awo anatenga chilichonse mpaka mapoto, tinatsala ndi mphasa. Ndiye lero mukuti pa mzere wa olanda chuma cha masiye muimeponso inu a mabungwe? Osachita manyazi?

MlembiWaBungwe
Achimwene, pepani kwambiri ndi zomwe munakumana nazo. Koma ife sitikufuna kulanda. Tikufuna munthu asankhe yekha ali moyo, mutu ukugwira.

MwanaWaMasiye
Aneneri enanso amatero. "Anapereka okha galimoto." Inde, atawaopseza.

Wa_ku_Leeds
Ndiyankheko monga munthu amene ndili kuno kumene zinthuzi zinazika mizu. Ndine nesi, ndakhala kuno zaka zambiri. Ku Britain nkhani ya mphatso za mu wilo amailengeza pa TV masanasana popanda wodabwa. A Cancer Research UK amanena kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yawo limayenda ndi ndalama za anthu amene anawalemba mu wilo. A RNLI, opulumutsa anthu panyanja, amati pa maulendo 10 alionse amene boti lawo lanyamuka, 6 atheka chifukwa cha mphatso zoterezi. Mu Seputembala kumakhala sabata yathunthu ya Remember A Charity, yolimbikitsa anthu kukumbukira mabungwe mu wilo.

Koma musaone ngati azungu ndi a mtima wabwino kuposa ife. Msonkho ukuwakankha. Chuma cha masiye chikapitirira £325,000, pa zapamwambazo boma limatenga 40 peresenti. Zimene wapereka ku bungwe la zachifundo sizidulidwa msonkho, ndipo ukapereka 10 peresenti ya chumacho, msonkho wa zotsalazo umatsika kufika pa 36 peresenti. Ndiye munthu amawerengera: ndipatse boma kapena ndipatse chipatala chomwe chinasamalira mkazi wanga? Chinanso, ana awo ambiri amakhala ndi ntchito ndi nyumba zawo. Sadikira chinsalu cha amayi awo.

Kwa inu amene mukufuna kupempha ife a kunja: kuti mphatso isadulidwe msonkho kuno, iyenera kupita ku bungwe lovomerezeka ku UK konkuno. N'chifukwa chake zipatala ndi masukulu ena a kumudzi ali ndi timabungwe ta abwenzi awo ku Scotland kapena ku England. Popanda chimenecho musavutike kutiuza za msonkho.

Tchale_wa_ku_Ndirande
£325,000? Asisi, tikukamba za anthu amene chuma chawo ndi njinga ndi mbuzi zitatu.

Wa_ku_Leeds
N'zimene ndikunena ine a Tchale, werengani bwino. Zimene zimayendetsa kuno sizingayendetse kwathu.

Che_wa_ku_Lungwena
Mundikhululukire, koma zoti ndi nzeru ya azungu ndakana. Ife Asilamu tili nazo kuyambira kalekale. Pali wakfu: munthu amapatula chinthu, kaya munda, chitsime, nyumba ya lendi, kuti chisagulitsidwe kapena kugawidwa, phindu lake lizithandiza anthu mpaka kalekale. Pali sadaka yopitirira, imene mphoto yake imakutsatira ngakhale uli m'manda. Ndipo pali malire. Mu wilo, munthu sungapereke kwa anthu a kunja kwa banja kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chako. Sa'd ibn Abi Waqqas, mnzake wa Mtumiki Muhammad, atadwala anafuna kupereka zambiri, Mtumiki anamuletsa, namuuza kuti ngakhale gawo limodzi mwa atatulo ndi lambiri, ndi bwino kusiya ana ako ali ndi kanthu kusiyana n'kuwasiya akupemphetsa. Ndiye a MwanaWaMasiye, nkhawa yanuyo inaganiziridwa kale. Amayi a bungwe, mukadayamba ndi funso loti ana awo awakonzera zotani, osati loti inu akukonzerani zotani.

MkuluWaMpingo58
Che, mwalasa. Nafenso matchalitchi ambiri a kumidzi aima pa malo amene munthu wina anapereka. Kungoti sitinkazitchula dzina la Chingerezi.

Koma ndikuuzeni zomwe zinatiwotcha manja. Kunali mayi wina wa Mvano, wamasiye, ana ake onse anatsogola. Ankanena pagulu, osati kamodzi, kuti nyumba yake ya njerwa zootcha idzakhale ya mpingo, tizidzasungiramo ana a sukulu ya mkaka. Tonse tinkamva, tinkawomba m'manja. Palibe anaganiza zolemba. Tsiku la maliro, adzukulu asanatsuke n'komwe makasu, kunatulukira mwana wa mlongo wawo amene sitinamuonepo zaka 20, loko watsopano ali m'thumba. Tinapita kwa amfumu, amfumu akuti mawu ndinawamva koma malowo ndi a mbumba. Tinapita kwa loya, loya akuti pepala lili kuti? Lero m'nyumbamo amagulitsiramo kachasu. Ndikadutsapo ndimayang'ana kumbali.

Kamtedza
Koma akulu, nanunso zaka zonsezo osagula ndi kope la K500 lomwe?

MkuluWaMpingo58
Mwana wanga, ukanapita iweyo kukawauza mayi aja kuti "lembani, mwina mufa mawa"? Ndi zomwezi zachotsetsa mbatatazi.

WaZamalamulo
Ndiikepo za malamulo pang'ono, chifukwa ndikuona kuti tikusakaniza zinthu. Lamulo lomwe likugwira ntchito ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1967. Munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chimagawidwa kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ndi amene ankadalira iye. Bungwe kapena mpingo mulibemo, ngakhale malemuyo akanalonjeza pa guwa anthu 500 akumva. Ndiye nkhani ya mayi wa Mvano ija inathera pomwepo.

Wilo iyenera kulembedwa, mwini wake asayine pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, nazonso zisayine. Apa ndiye a mabungwe mumve: musalembe ndinu, musakhale mboni ndinu, musamunyamule munthu pa galimoto ya bungwe kupita naye kwa loya wa bungwe. Abale akadzapita ku khoti, funso loyamba lidzakhala loti kodi malemuwa sanaumirizidwe? Zikadzapezeka kuti inu ndi amene munagwira cholembera, mwadzikola nokha. Mupatseni munthuyo dzina lenileni la bungwe monga lilili pa satifiketi, makamaka ngati munalembetsa ngati Registered Trustees, osati dzina lomwe anthu amakutchulani pamsika. Zotsalazo akapange ndi loya wake.

Chinanso, wilo si mfuti yoopsezera banja. Munthu akasiya mkazi ndi ana pa mbalambanda chonsecho chuma wapereka kwina, iwo ali ndi ufulu wopita ku khoti, ndipo khoti likhoza kutapa pa chumacho n'kuwapatsa. A MwanaWaMasiye, zimene anakuchitani zija pansi pa lamulo limeneli ndi mlandu woti munthu amangidwa nawo.

Za malo samalani kawiri. Malo a makolo opanda mapepala si a munthu mmodzi ngati wailesi. Akakupatsani munda, funsani kuti mwini mbumba akudziwa, amfumu akudziwa, ndipo yambani zolembetsa mwiniwake ali moyo.

MwanaWaMasiye
Lamulo la 2011 linabwera ife titagona kale pa mphasa. Komabe zikomo. Ndipo ngakhale lero, mayi wa kumudzi akasumire alamu ake ndi ndalama ziti?

Tchale_wa_ku_Ndirande
Ine funso langa ndi lina. Anthu omwewa akuopa kutchula imfa, koma amalipira polisi ya maliro mwezi ndi mwezi, ena anasankha kale bokosi la kasiketi. Pamaliro timadya mpunga wa anthu 400, tenti, zokuzira mawu, mayunifolomu a nsalu imodzi. Ndalama zimenezo zingaphunzitse ana angati?

NachisaleWaKuArea25
A Tchale musayambe. Maliro ndi ulemu wotsiriza. Mukufuna tiziika anthu ngati nkhuku ya chitopa?

Tchale_wa_ku_Ndirande
Sindinatero mayi. Koma tombstone ya mamiliyoni pomwe mdzukulu wabwezedwa fizi?

NachisaleWaKuArea25
Chiliza cha amayi anga ndinamanga ndi ndalama zanga ndipo sindinapemphe munthu. Nkhani ya fizi ndi ina.

Kamtedza
Admin, anthu ayambana uku. Tibwerere ku mbatata.

Msungichuma_Zomba
Tibwereredi. Ine ndakhala msungichuma wa mabungwe awiri, ndipo vuto lomwe ndikuliona palibe walitchula. Tonse tikukamba za kupempha. Nanga mphatsoyo ikabwera, muli ndi poiika?

Choyamba ndi kwacha. Munthu amene analemba mu 2021 kuti bungwe lidzalandire K5 miliyoni ankaganiza za chipinda chophunziriramo. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi, ndipo uwo ndi mtengo wa ku banki, wa mumsewu tisaukambe. Munthuyo akakhala ndi moyo zaka zina 15, zomwe tikumufunira, K5 miliyoniyo idzagula zitseko zokha. Ndiye ngati wina wafunsa yekha kuti ndilembe bwanji, muuzeni alembe gawo, monga 5 peresenti ya zotsala ngongole zikabwezedwa ndipo banja likalandira zake. Gawo limakula ndi chuma, limachepa ndi chuma, ndipo abale sakwiya nalo kwambiri chifukwa akuona kuti 95 ndi yawo.

Chachiwiri, si mphatso iliyonse yoyenera kulandira. Ife tinapatsidwa nyumba. Tinavina. Kenaka tinapeza kuti ili ndi ngongole ya msonkho wa nyumba wa ku khonsolo ya zaka zambiri, denga likudontha, ndipo mkatimo muli msuweni wa malemu amene akuti anauzidwa kuti azikhala mpaka imfa. Zaka zitatu tikuthamanga, ndalama zomwe tinawononga zinaposa lendi yomwe tikanalandira. Board yanu ikhale pansi ilembe: timalandira chiyani, timakana chiyani, amavomereza ndani, ndipo nyumba tikalandira tili ndi ufulu wogulitsa kapena ayi.

Chachitatu, mawu omangirira mphatso. Wina amalemba kuti ndalamazi ndi za atsikana a m'mudzi mwanga okha ophunzira kutayipa. Patapita zaka 30 sukulu ya kutayipa kulibe, ndalama zili phee ku banki, simungazikhudze. Mpempheni awonjezere kuti ngati cholingacho sichikuthekanso, matrasti, oyang'anira chuma cha bungwe, agwiritse ntchito pa china chofanana nacho.

Ndipo chonde, lonjezo la mu wilo musaliike mu bajeti. Munthu akhoza kusintha wilo mawa, ndi ufulu wake. Amayi a bungwe, ngati apampando anu akuganiza kuti zimenezi zilipira fizi ya teremu ikubwerayi, auzeni zoona. Uku n'kudzala mibawa. Fizi ya Seputembala isakeni ndi big walk ndi pepa sande monga kale.

MlembiWaBungwe
Apa mwandilasa mtima, chifukwa apampando anandipatsa mpaka Disembala kuti ndibweretse "zotsatira".

Kamtedza
Zotsatira zake ndiye kuti afe angati pofika Disembala?

NachisaleWaKuArea25
Kamtedza iwe Mulungu akukhululukire, ndaseka mu minibasi anthu akundiyang'ana.

WaMbiriYakale
Poti a Msungichuma atchula mibawa, ndikupatseni mbawa yomwe tikukhala pa mthunzi wake osadziwa. Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Joni anadutsa pa Beitbridge. Dzinalo ndi la Alfred Beit, amene analemera ndi dayamondi ku Kimberley n'kumwalira mu 1906. Mu wilo yake anasiya thumba la ndalama lomwe linamanga milatho, ndipo mpaka lero Beit Trust imathandiza masukulu ndi zipatala ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Chipatala cha mafupa cha Beit CURE ku Blantyre, chomwe chinatsegulidwa mu 2002, chili ndi dzina limenelo chifukwa cha thandizo lawo. Mwana wopindika mapazi amene wawongoledwa kumeneko wathandizidwa ndi pepala lomwe linasayinidwa zaka zoposa 100 zapitazo. Chinsinsi chake n'choti matrasti sadya mbewu, amadya zokolola zokha. Kwathu konkuno Press Trust, yomwe inakhazikitsidwa mu 1982, imayenda chimodzimodzi: ili ndi masheya, phindu lake ndi lomwe limamanga mabuloko a sukulu.

MwanaWaMasiye
Dayamondi ameneyo anakumba ndani? Agogo anga anabwera ku migodi ndi chifuwa ndi bulangete limodzi. Munthu akube ng'ombe, akubwezere mchira, ndiye uziti zikomo bwana?

WaMbiriYakale
Sindikumuyeretsa achimwene. Anali mnzake wa Cecil Rhodes, mbiri yawo tikuidziwa. Ndikungoonetsa m'mene chida chimagwirira ntchito. Funso langa ndi loti olemera athu a lero, amene ali ndi nyumba 20 ku Area 47 ndi ku Namiwawa, adzasiya chiyani kupatula milandu ku khoti pakati pa akazi atatu?

Tchale_wa_ku_Ndirande
Adzasiya ana amene sitinkawadziwa, otulukira pa tsiku la maliro atafanana nawo mphuno.

Wa_ku_Leeds
Chimodzi chomwe ndinaphunzira kwa mnzanga wogwira ntchito imeneyi kuno: amene amasiya mphatso kawirikawiri si olemera otchuka. Ndi agogo amene akhala akutumiza £5 mwezi uliwonse kwa zaka 25, amene bungwe limawalembera kalata yothokoza ndi kuwauza zomwe ndalama yawo yachita. Ndiye aphunzitsi a chimanga aja munasankha munthu woyenera. Munalakwitsa ndi khomo lolowera. Kuno sanena kuti "tilembeni". Amangoika m'kalata ya chaka nkhani ya munthu wina amene anachita zotero, n'kusiya nambala. Wofuna amaimba yekha. Komanso amati ambiri ndi anthu opanda ana.

NachisaleWaKuArea25
Asisi mwakhalitsa kunja. Kwathu kuno kuli munthu wopanda ana? Ukakhala wosabereka ndiye ana a achemwali ako onse ndi ako, fizi ndi iwe, chipatala ndi iwe. Ukamwalira amabwera ndi lole.

MkuluWaMpingo58
Nachisale wanena zoona, ndipo n'chifukwa chake ine pano ndimalangiza zopereka uli moyo. Titapsa ndi nyumba ija tinasintha. Bambo wina anafuna kutipatsa munda wa bulugama. Tinati ayi, tisalandire mwakachetechete. Tinaitana ana ake, alongo ake, eni mbumba, amfumu, tinaphika nsima. Mwini wake anaimirira n'kunena yekha, mwana wake wamkulu anafunsa mafunso ovuta, ena anang'ung'udza, malire tinayenda nawo tonse n'kudzala khonje. Kenaka mapepala. Bamboyo ali moyo mpaka lero, mitengo tinadula kale kamodzi n'kukhomera denga la sukulu ya mkaka, ndipo iye amabwera kudzakhala pakhonde kumaonerera ana akuimba. Zimenezi wilo singakupatse. Wilo imawerengedwa anthu ali ndi misozi ndi mkwiyo, mwini mawu palibe woti afunsidwe.

WaZamalamulo
Akulu, njira yanuyo ndi yabwino, koma isaphe wilo. Munthu sangapereke nyumba yomwe akugonamo kapena ndalama zomwe adzagulire mankhwala atakalamba. Zoterozo zimadikira wilo. Chomwe ndingatengepo pa nkhani yanu n'choti banja lidziwe. Alembe, akasungitse kwa loya, ku banki kapena kwa DC, koma awauzenso ana ake pakamwa kuti gawo lakuti ndapereka kwakuti. Zodzidzimutsa ndi zomwe zimadzaza makhoti.

Ndipo mabungwe mungathandize anthu osapempha kanthu. Itanani loya adzaphunzitse za wilo ku mpingo kapena ku banki m'khonde, cholinga chikhale kuteteza amayi amasiye ndi ana. Pa anthu 50, mwina mmodzi adzafunsa yekha ngati n'zololedwa kuikamo sukulu.

MwanaWaMasiye
Zimenezo ndiye ndingabwere. Bambo anga akanalemba, bwenzi nditamaliza Fomu 4.

Che_wa_ku_Lungwena
Bwerani nawo achimwene, mudzayankhule ndinu. Anthu adzamva inu kuposa loya.

MlembiWaBungwe
Ndabweranso anzanga. Dzulo ndinapita kukapepesa, nditanyamula shuga ndi sopo. Amayi aja poyamba anandiyankha moni ali chitembenukire, koma bambo anaseka mpaka kutsokomola. Akuti usiku umene uja sanagone, osati chifukwa cha mantha, koma anazindikira kuti ali ndi zaka 74 ndipo sanalembe kalikonse, chonsecho ali ndi ana a mabanja awiri. Kenaka anandifunsa kuti, "Nanga iwe wilo yako unalemba?" Ndinangoyang'ana pansi. Ndili ndi ana awiri ndi kapuloti ku Chinsapo, sindinaganizepo.

Za bungwe sanalonjeze kanthu. Anatulutsa kope lawo lakale la maphunziro n'kundilembera mafunso atatu oti ndikawayankhe. Akufuna malipoti a oditi a zaka zitatu. Akufuna kudziwa kuti bungwe likadzatha katundu wake adzapita kuti. Ndipo akufuna mayina a amene amasayina macheke.

Malipoti tili ndi a chaka chimodzi, chomwe a ku America anatikakamiza. Funso lachiwiri ndafufuza mu konsitichushoni yathu, palibepo chiganizo chotero. Osayina macheke ndi awiri: apampando ndi akazi awo.

Board ikumana Lachisanu. A Msungichuma, ndingakuimbireni madzulo ano?

Msungichuma_Zomba
Imbani ikatha 7. Kopelo mubwere nalo ku board, muwawerengere mmene aphunzitsiwo analembera, musasinthe ndi liwu limodzi lomwe.

Kamtedza
Nanga mbatata anabweza?

MlembiWaBungwe
Anabweza, ndi chiponde chomwe.